Muammar Gaddafi: Msilikali amene adagulitsa loto la bomba kuti amutsegulire misika

Madzulo a pa 19 Disembala 2003, nduna yoona za ubale wa Libya ndi maiko ena, Abdel Rahman Shalgham, idaonekera pa wailesi ya kanema ya boma ndi uthenga umene anthu ambiri sadauyembekeze. Dziko lake lidavomera kuti lidali ndi ndondomeko yachinsinsi yopanga zida zoopsa, ndipo lidalonjeza kuithetsa yonse: makina okonzera bomba la nyukiliya, mankhwala a poizoni omenyera nkhondo, komanso mizinga youluka mtunda woposa makilomita 300. Posakhalitsa Muammar Gaddafi adatulutsa chikalata chovomereza zimene ndunayo idanena. Usiku womwewo nduna yaikulu ya Britain, Tony Blair, ndi pulezidenti wa America, George W. Bush, aliyense adalankhula kwa anthu akwawo kuyamikira ganizolo.

Gaddafi sadataye zidazo kwaulere. Ankafuna kuti ziletso za malonda zimene zidamanga dziko lake kwa zaka zoposa 20 zichotsedwe, makampani a mafuta abwerere, ndipo iye aleke kukhala mtsogoleri wosalidwa. Zambiri mwa izi adazipezadi. Koma zisadathe zaka zisanu ndi zitatu, ndege zankhondo za maiko omwewo amene adamuyamikira zidathandiza kugwetsa boma lake, ndipo iye adafera m'manja mwa anthu akwawo. Kuchokera nthawi imeneyo, maiko akamakambirana zochotsa ziletso posinthana ndi kusiya zida za nyukiliya, kaya ndi North Korea kaya ndi Iran, dzina la Gaddafi silisowa pa zokambiranazo.

Mwana wa m'chipululu

Gaddafi adabadwa cha mu 1942 m'tenti, m'chipululu cha kufupi ndi tawuni ya Sirte. Makolo ake adali a fuko laling'ono la Qadhadhfa, oweta mbuzi ndi ngamila, ndipo sadapite kusukulu. Nthawi imeneyo Libya idali ikuchoka m'manja mwa atsamunda a ku Italy, amene adapha anthu ambirimbiri pofuna kugonjetsa dzikolo, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inkamenyedwa m'chipululu chomwecho. Dzikolo lidalandira ufulu pa 24 Disembala 1951 pansi pa Mfumu Idris, lili limodzi mwa maiko osaukitsitsa padziko lapansi. Zinthu zidayamba kusintha mu 1959 pamene mafuta ochuluka adapezeka pansi pa mchenga.

Mnyamatayo adayamba sukulu ku Sirte, kumene ankagona mu mzikiti mkati mwa sabata chifukwa kwawo kudali kutali. Sekondale adakayamba ku Sabha, kummwera, ndipo kumeneko ndi kumene ndale zidamulowa m'magazi. Ankamvera wailesi ya ku Cairo imene inkaulutsa malankhulidwe a Gamal Abdel Nasser, mtsogoleri wa Egypt amene ankalalikira umodzi wa Aluya ndi kuthamangitsa atsamunda. Mu 1961 adamuchotsa sukulu chifukwa chotsogolera zionetsero, ndipo maphunziro ake adakamalizira ku Misrata.

Potsatira mapazi a Nasser, iye adaona kuti njira yachidule yopezera mphamvu idali usilikali. Adalowa sukulu ya asilikali ku Benghazi mu 1963, namaliza mu 1965, ndipo chaka chotsatira adakachita maphunziro a miyezi ingapo ku Britain. Nthawi yonseyi ankasonkhanitsa mwachinsinsi asilikali anzake achinyamata. Pa 1 Seputembala 1969, Mfumu Idris ili ku Turkey kukalandira chithandizo cha mankhwala, gululo lidalanda boma popanda nkhondo yeniyeni. Gaddafi adali ndi zaka 27 zokha.

Mafuta, Buku Lobiriwira ndi mantha

Zaka zoyambirira zidamupatsa mbiri yabwino pakati pa anthu ake. Mu 1970 asilikali a Britain ndi a America adachoka m'mabwalo awo ankhondo a m'dzikolo, kuphatikizapo bwalo lalikulu la ndege la Wheelus pafupi ndi Tripoli. Chaka chomwecho boma lidathamangitsa nzika za Italy zimene zidatsalira, ndipo lidakakamiza makampani akunja kukweza mtengo umene ankalipira pa mafuta, zimene maiko ena ogulitsa mafuta adatengerapo phunziro. Ndalama zimenezi zidamanga sukulu, zipatala, misewu ndi nyumba. Mu 1984 idayamba ntchito yaikulu yoika mapaipi otenga madzi pansi pa chipululu cha kummwera kupita nawo kumizinda ya m'mphepete mwa nyanja.

Koma ulamulirowo udali wankhanza. Gaddafi adaletsa zipani zandale, ndipo mu 1975 adayamba kutulutsa Buku Lobiriwira, mmene adafotokoza kuti nyumba ya malamulo ndi zisankho n'zachinyengo. Mu Malichi 1977 adalengeza kuti Libya ndi Jamahiriya, kutanthauza dziko lolamulidwa ndi anthu wamba kudzera m'makomiti awo. Papepala iye adalibe udindo wa pulezidenti, koma mawu omaliza pa chilichonse ankachokera m'tenti mwake. Otsutsa ena ankanyongedwa poyera, ndipo amene adathawira kunja ankalondoledwa ndi kuphedwa m'mizinda ya ku Ulaya. Mu Juni 1996, akaidi oposa 1,200 adaphedwa m'ndende ya Abu Salim ku Tripoli, malinga ndi kafukufuku wa mabungwe omenyera ufulu wa anthu.

Kunja nako ndalama za mafuta zidafika kutali. Adathandiza magulu omenyera ufulu monga ANC ya ku South Africa, komanso adatumiza zida kwa gulu la IRA limene linkaphulitsa mabomba ku Britain. Adatumiza asilikali kukateteza Idi Amin pa nkhondo ya Uganda ndi Tanzania imene idatha mu 1979, ndipo adamenya nkhondo yaitali ku Chad imene adagonja mochititsa manyazi mu 1987.

Kusakasaka bomba

Libya idasaina pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya mu 1968, mfumu idakali pampando, ndipo boma la Gaddafi lidavomereza panganolo mu 1975. Ngakhale zidali choncho, iye ankakhulupirira kuti Aluya ayenera kukhala ndi bomba lawo pofuna kufanana mphamvu ndi Israel. Olemba mbiri ambiri amanena kuti atangolanda boma adatuma wachiwiri wake, Abdessalam Jalloud, kukapempha China kuti imugulitse bomba lopangidwa kale, koma akuluakulu a ku Beijing adakana.

Zitakanika kugula, padatsala kupanga. Pakati pa 1978 ndi 1981 Libya idagula ku Niger matani oposa 2,000 a ufa wa uranium, wofanana ndi umene mgodi wa Kayelekera ku Karonga unkatulutsa. Dziko la Soviet Union nalo lidamanga malo ofufuzira za nyukiliya ku Tajoura, pafupi ndi Tripoli. Koma ufa wa uranium pawokha si bomba. Mu uranium wokumbidwa pansi, gawo limene limatha kuphulika silikwana ngakhale 1 peresenti. Kuti apange magetsi, akatswiri amalichulukitsa kufika pa 3 mpaka 5 peresenti, pamene bomba limafuna pafupifupi 90 peresenti. Ntchito yosefayi imafuna makina mazanamazana kapena masauzande, ozungulira pa liwiro loopsa, olumikizidwa pamodzi ndi kuyenda miyezi yambiri osaima. Libya idali ndi ndalama, koma idalibe makinawo ngakhalenso akatswiri okwanira.

Mwayi udaoneka m'zaka za m'ma 1990 kudzera mwa Abdul Qadeer Khan, katswiri amene adathandiza Pakistan kupanga bomba lake ndipo ankagulitsa luso limeneli mobisa. Mu 1997 Libya idayamba kulandira makina osefera uranium kuchokera ku gulu la Khan: 20 olumikiza kale ndi zipangizo za ena 200. Kenaka idaitanitsa makina amakono okwana 10,000, amene zipangizo zake zinkapangidwa m'maiko osiyanasiyana ndi kudutsira ku Dubai. Idalandiranso mapepala ofotokoza kapangidwe ka bomba lenilenilo. Zonsezi zinkachitika pamene dzikolo lidali pansi pa ziletso zokhwima kwambiri.

Chingwe cha ziletso

Ziletsozo sizidayambe chifukwa cha nyukiliya, koma chifukwa cha uchifwamba. Mu Disembala 1979 America idaika Libya pa mndandanda wa maiko othandiza zigawenga, ndipo mu 1982 idaletsa kugula mafuta a dzikolo. Britain idathetsa ubale wake ndi Libya mu 1984 wapolisi wamkazi, Yvonne Fletcher, ataphedwa ndi chipolopolo chochokera mu ofesi ya kazembe wa Libya ku London. Mu Januwale 1986 Pulezidenti Ronald Reagan adaletsa malonda onse pakati pa maiko awiriwa ndi kutseka chuma cha Libya chimene chidali m'mabanki a America. Mu Epulo chaka chomwecho bomba lidaphulika m'nyumba yovinira ku West Berlin imene asilikali a America ankakonda kupitako, ndipo patatha masiku khumi ndege za America zidaphulitsa Tripoli ndi Benghazi, kuphatikizapo malo amene Gaddafi ankakhala.

Choipitsitsa chidali m'tsogolo. Pa 21 Disembala 1988 ndege ya Pan Am idaphulika mumlengalenga pamwamba pa tawuni ya Lockerbie ku Scotland, ndipo anthu 270 adafa. Mu Seputembala 1989 ndege ya kampani ya ku France ya UTA idaphulika pamwamba pa chipululu cha Niger, n'kupha anthu 170. Ofufuza adaloza chala akazitape a Libya. Gaddafi atakana kupereka anthu awiri oganiziridwa pa mlandu wa Lockerbie, nthambi yoona za chitetezo ya United Nations idalamula mu 1992 kuti ndege zisalowe kapena kutuluka m'dzikolo, ndiponso kuti pasapezeke woligulitsa zida. Mu 1993 idaonjezera kutseka chuma china cha Libya kunja ndi kuletsa kuigulitsa zipangizo zina za ntchito ya mafuta. Mu 1996 America idakhazikitsa lamulo lolanga ngakhale makampani a maiko ena oika ndalama zambiri m'mafuta a Libya ndi Iran.

Mafuta enieniwo United Nations sidawaletse, popeza maiko monga Italy ndi Germany ankawadalira. Boma lidapitiriza kupeza ndalama, koma zitsime ndi mapaipi zinkakalamba popanda zipangizo zatsopano. Dziko limene mu 1970 linkatulutsa migolo yoposa 3 miliyoni patsiku lidafika potulutsa yosakwana theka la imeneyo. Munthu wodwala wofuna chithandizo kunja ankayenera kuyenda pagalimoto mpaka ku Tunisia kapena ku Egypt, apo ayi kukwera sitima yapamadzi kupita ku Malta, kuti akapeze ndege. Mitengo ya zinthu idakwera, malipiro a ogwira ntchito m'boma adaima malo amodzi, ndipo achinyamata ambiri adalibe ntchito.

Africa itsegula khomo

Atsogoleri a maiko a Aluya, amene Gaddafi adawaumirira za umodzi kwa zaka zambiri, adatsatira ziletsozo. Amene adamuyandikira adali Nelson Mandela, yemwe sadaiwale thandizo la Libya pa nthawi ya tsankho. Mu Okutobala 1997 Mandela adapita ku Tripoli, akulowa pagalimoto kuchokera ku Tunisia kuti asaphwanye chiletso cha ndege, ngakhale America idadandaula. Mu Juni 1998, pa msonkhano wa ku Ouagadougou, bungwe la OAU lidagwirizana kuti maiko a mu Africa aleka kulemekeza chiletsocho ngati mlanduwo suweruzidwa m'dziko losakhudzidwa.

Mandela ndi akuluakulu a Saudi Arabia adayendetsa zokambirana mpaka Gaddafi adalola. Pa 5 Epulo 1999 oganiziridwa awiriwo adafika ku Netherlands kukaweruzidwa ndi majaji a ku Scotland, ndipo ziletso za United Nations zidaimitsidwa kaye. Mu Januwale 2001 bwalolo lidapeza Abdelbaset al-Megrahi wolakwa, ndipo mnzake Lamin Khalifa Fhimah lidamumasula.

Kuyambira pamenepo Gaddafi adatembenukira ku Africa. Msonkhano umene adaitanitsa ku Sirte pa 9 Seputembala 1999 ndi umene udabala ganizo la African Union, imene idakhazikitsidwa ku Durban mu Julayi 2002. Mwezi womwewo adafika kuno ku Malawi ndi mdipiti wautali wa galimoto, monga mlendo wa Pulezidenti Bakili Muluzi. Anthu a ku Blantyre amakumbukira chipatala chimene Libya idalonjeza pa Kameza, chomwe sichidamalizidwe.

Miyezi isanu ndi inayi ya chinsinsi

Kuimitsidwa kwa ziletso za United Nations sikudakhudze ziletso za America, ndipo ndi America imene idali ndi makampani ndi luso limene zitsime za Libya zinkasowa. Mu Ogasiti 2003 Libya idavomera udindo pa zimene ogwira ntchito ake adachita pa nkhani ya Lockerbie, ndipo idalonjeza chipukuta misozi cha madola 2.7 biliyoni, kutanthauza madola 10 miliyoni pa munthu aliyense amene adafa. Ndalamazo zidagawidwa mochenjera: madola 4 miliyoni United Nations ikachotsa ziletso zake, ena 4 miliyoni America ikachotsa zake, ndipo 2 miliyoni otsalawo Libya ikachotsedwa pa mndandanda wa othandiza zigawenga. United Nations idachotseratu ziletso zake pa 12 Seputembala 2003. Boma la Bush lidanenetsa kuti zake zikhalapobe kufikira nkhani ya zida zoopsa itatha.

Nkhaniyo idali itayamba kale mseri. Mu Malichi 2003, nkhondo ya ku Iraq ili pafupi kuyamba, nthumwi za Libya zidafikira akazitape a Britain. Patsogolo padali mwana wa Gaddafi, Saif al-Islam, ndi mkulu wa akazitape, Musa Kusa. Kwa miyezi ingapo mbali ya Libya inkazemba kuulula kukula kwa ntchito yake ya nyukiliya. Zinthu zidasintha kumayambiriro kwa Okutobala pamene sitima yapamadzi yotchedwa BBC China, imene inkachokera ku Dubai kupita ku Libya, idapatutsidwira ku doko la Taranto ku Italy. M'makontena ake mudapezeka zipangizo masauzande za makina osefera uranium, zopangidwa ku Malaysia. Apa padalibenso chobisa. M'masabata otsatira akatswiri a America ndi Britain adaloledwa kuyendera malo achinsinsi, ndipo chilengezo cha pa 19 Disembala chidadza patangotha masiku asanu ndi limodzi Saddam Hussein atagwidwa m'dzenje ku Iraq.

Chimene chidamugonjetsa Gaddafi n'chiyani? Boma la Bush linkati adachita mantha ataona zimene zidagwera Saddam. Akuluakulu amene adagwira ntchito m'boma la Bill Clinton adatsutsa, ponena kuti Libya idaonetsa kale mtima wofuna kukambirana za zida zoopsa pa zokambirana zachinsinsi za mu 1999. Mbali zonse zili ndi mfundo. Ziletso zidafooketsa chuma, nkhondo ya ku Iraq idaonjezera mantha, sitima ija idaulula chinsinsi, ndipo pamwamba pa zonsezi ntchitoyo sinkayenda. Mkulu wa bungwe loyang'anira za nyukiliya la IAEA, Mohamed ElBaradei, atayendera malowo kumapeto kwa Disembala, adapeza kuti makina ambiri adali adakali m'mabokosi ndipo bomba lidali kutali zaka zambiri. Gaddafi adapereka chinthu chimene adali asadakhale nacho m'manja.

Ndipatse ndikupatse

Mbali iliyonse inkaponya phazi ikaona kuti inzake yaponya. Mu Januwale 2004 Libya idavomereza pangano loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya ndi kulowa m'pangano loletsa zida za mankhwala a poizoni. Mwezi womwewo ndege ya asilikali a America idanyamula matani pafupifupi 25 a zipangizo ndi zikalata kupita nazo ku Tennessee, kumene kuli malo a zanyukiliya a Oak Ridge. Mapepala a kapangidwe ka bomba adaperekedwa ali m'matumba a shopu ina ya telala ya ku Islamabad. Umboni umenewu udathandiza kuphwasula gulu la Khan, amene adavomera kulakwa kwake pa wailesi ya kanema ya Pakistan mu Febuluwale. Kumapeto kwa mwezi umenewo America idachotsa chiletso choti nzika zake zisapite ku Libya.

Mu Malichi sitima idanyamula matani mazanamazana a makina otsala pamodzi ndi mizinga youluka kutali. Uranium wosefedwa kwambiri wa ku Tajoura adayamba kubwezedwa ku Russia, mabomba opanda kanthu oposa 3,000 amene adakonzedwa kuti azinyamula poizoni adaphwanyidwa, ndipo Libya idasaina chilolezo choti IAEA iziyendera malo ake mwadzidzidzi. Pa 25 Malichi Blair adagwirana chanza ndi Gaddafi m'tenti kunja kwa Tripoli, tsiku lomwelo kampani ya Shell ikulengeza mgwirizano wofufuza gasi. Mu Epulo America idamasula malonda ambiri, ndipo pa 20 Seputembala 2004 Bush adathetsa ziletso zimene Reagan adaika mu 1986 ndi kumasula chuma cha Libya choposa madola 1 biliyoni. Mu Okutobala European Union idachotsa chiletso chogulitsa zida. Pa mpikisano wa malo ofufuzira mafuta wa mu Januwale 2005, makampani a America ndi amene adapata malo ambiri.

Gawo lomaliza lidachedwa. Libya idachotsedwa pa mndandanda wa othandiza zigawenga mu Juni 2006. Nduna yoona za kunja ya America, Condoleezza Rice, idafika ku Tripoli mu Seputembala 2008, koyamba kuti nduna yotere ipondeko chichokereni 1953, ndipo chaka chomwecho Libya idapereka madola 1.5 biliyoni kuti itseke milandu ya chipukuta misozi imene idatsala ku America. Munthu amene ankasalidwa uja tsopano ankakhoma tenti yake ku Paris ndi ku Rome. Mu Febuluwale 2009 adasankhidwa kukhala wapampando wa African Union, ndipo mu Seputembala adalankhula ku likulu la United Nations kwa nthawi yoposa ola ndi theka. Adafuna kupitiriza pampando wa African Union, koma mu Januwale 2010 atsogoleri anzake adaupereka kwa Bingu wa Mutharika.

Mgwirizanowo udalinso ndi mbali yake yamdima. Sudakhudze ufulu wa nzika za Libya ngakhale pang'ono. M'malo mwake akazitape a America ndi Britain adathandiza kugwira otsutsa ena a Gaddafi amene adali kunja ndi kuwabweza kwawo, kumene adakazunzidwa. Mu 2018 boma la Britain lidapepesa poyera kwa mmodzi mwa iwo, Abdel Hakim Belhaj.

Kugwa

Gaddafi mwiniwake sadakhutire. Mobwerezabwereza ankadandaula kuti adapereka zambiri koma adalandira zochepa, makamaka pa zida zodzitetezera ndi luso la nyukiliya la mtendere, ndipo ankachenjeza kuti Iran ndi North Korea sizingatsatire chitsanzo chake zikaona mphotho yotere. Kumapeto kwa 2009 boma lake lidachedwetsa dala kwa masabata angapo kutumiza ku Russia makilogalamu asanu omaliza a uranium woopsa uja, pofuna kuonetsa kukwiya. Ndalama za mafuta zidachulukadi, koma gawo lalikulu linkathera kwa ana ake ndi anthu omuzungulira, pamene madera a kummawa ankadziona kuti ndi oiwalidwa.

Mu Febuluwale 2011, atsogoleri a Tunisia ndi Egypt atangogwa, zionetsero zidabuka ku Benghazi. Chidayatsa moto ndi kumangidwa kwa loya amene ankaimira mabanja a akaidi ophedwa ku Abu Salim. Asilikali adaombera anthu, ndipo Gaddafi adalumbira kuti asaka oukirawo nyumba ndi nyumba. Pa 26 Febuluwale United Nations idabwezeretsa ziletso, ndipo pa 17 Malichi idaloleza kugwiritsa ntchito mphamvu poteteza anthu wamba. Maiko atatu a mu Africa amene adali m'nthambi ya chitetezo, South Africa, Nigeria ndi Gabon, adavotera ganizolo. Patatha masiku awiri ndege za France, Britain ndi America zidayamba kuphulitsa, ndipo kenaka ntchitoyo idapita m'manja mwa NATO. Mu Epulo boma la Malawi lidathetsa ubale wake ndi Libya chifukwa cha kuphedwa kwa anthu wamba. Zoyesayesa za African Union zofuna kuyanjanitsa mbali ziwirizo sizidaphule kanthu.

Tripoli idagwa mu Ogasiti. Gaddafi adathawira kwawo ku Sirte, ndipo pa 20 Okutobala 2011 ndege za NATO zidaphulitsa mdipiti wa galimoto umene ankathawiramo. Oukirawo adamupeza atabisala mu ngalande yodutsa pansi pa msewu, namumenya ndi kumupha. Mtembo wake udaonetsedwa kwa masiku angapo m'chipinda chozizira ku Misrata, kenaka udaikidwa m'manda obisika m'chipululu. Adalamula zaka 42.

Zimene ena adaphunzirapo

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mabomba atangoyamba kugwa pa Tripoli, boma la North Korea lidalengeza kuti mgwirizano wa 2003 udali msampha wolanda Libya zida kuti adzaimenye bwino, ndipo mtsogoleri wamkulu wa Iran, Ali Khamenei, adalankhulanso zofanana. Mu 2018, mlangizi wa Pulezidenti Donald Trump pa zachitetezo, John Bolton, atatchula Libya ngati chitsanzo choti North Korea itsatire, akuluakulu a ku Pyongyang adapsa mtima mpaka msonkhano wa Trump ndi Kim Jong Un ku Singapore udatsala pang'ono kulephereka.

Otsutsa maganizo amenewa amakumbutsa kuti malonjezo a 2003 adali okhudza malonda ndi ubale, ndipo adakwaniritsidwa, ngakhale mochedwa. Padalibe pamene America kapena Britain idalonjeza kuteteza mpando wa Gaddafi kwa anthu ake omwe. Amakumbutsanso kuti iyenso sadaulule zonse, popeza atafa kudapezeka zida zina za poizoni zimene adabisa. Komabe kwa mtsogoleri amene akuyeza ngati n'kwanzeru kusiya zida, kusiyana kumeneku n'kochepa. Makina akakwera sitima sabwereranso, pamene ziletso zimabwerera ndi voti imodzi, monga zidachitikira mu Febuluwale 2011.

Pali chinthu chimodzi chimene mbali zonse zimavomereza. Boma la Gaddafi litagwa, nkhokwe zake za zida zidathyoledwa, ndipo mfuti ndi mizinga zidafalikira mpaka ku Mali, kumene zidakolezera nkhondo ya mu 2012. Makina osefera uranium ndi mapepala a bomba sadali m'gulu la zobedwazo chifukwa adali atachoka kalekale. Chidatsala ndi ufa uja wa ku Niger. Mu Malichi 2023 bungwe la IAEA lidalengeza kuti migolo khumi ya ufawo, yolemera matani awiri ndi theka, sidali pamalo pake, ndipo patapita tsiku limodzi asilikali a kummawa kwa Libya adati aipeza m'chipululu cha kummwera, makilomita ochepa kuchokera pa nkhokwe imene inkasungidwa.